Calculus M'chaka Choyamba: Dziko Lisataye Ana Ake Pakhomo

Chaka chilichonse sukulu za ukachenjede zikatsegulidwa, anyamata ndi asungwana amene anakhoza bwino mayeso a Fomu 4 amafika ndi katundu wawo, ali ndi mtima wofuna kudzakhala mainjiniya, akatswiri a zachuma, akatswiri a zanyengo ndiponso aphunzitsi a sayansi. Ngakhale njira zawo zidzasiyana m'tsogolo, onsewa amayamba akumana ndi phunziro limodzi la masamu lotchedwa calculus. Amene wapambana phunziroli njira imamutsegukira. Koma amene wagwa, kawirikawiri amabwereza, kapena amasintha maphunziro, kapenanso amabwerera kumudzi. Tsono nkhani ya phunziro limeneli si ya aphunzitsi a masamu okha ayi. Ndi nkhani ya Boma limene laphunzitsa mwanayo zaka 12, ya makolo amene anagulitsa mbewu ndi ziweto kuti mwana afike pamenepo, ndiponso ya dziko limene likusowa anthu odziwa ntchito zaluso.

Pali maganizo amene anakhazikika m'mitima ya anthu ambiri ophunzira, onena kuti calculus ndi lichero lopetera: mankhusu auluke, mbewu yokhwima itsale. Anthu oganiza chotere sadandaula ana akamagwa mochuluka, pakuti iwo amayesa kuti kugwako ndi umboni wakuti sukuluyo ndi yapamwamba. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo amalowetsa dziko pansi. Zimene zapezeka m'maiko ena pa zaka 50 zapitazi zaonetsa kuti ambiri mwa ogwa sagwa kaamba ka kuchepa nzeru. Amagwa chifukwa cha maziko ofooka, chifukwa cha kaphunzitsidwe kamene mwana amangokhala chete kumvetsera, ndiponso chifukwa chowerenga payekha wopanda mnzake womuongola. Zinthu zitatu zonsezi n'zotheka kuzikonza.

Phunziroli n'lotani?

Dzina lakuti calculus linachokera ku Chilatini, ndipo tanthauzo lake ndi kamwala kakang'ono kamene anthu akale ankawerengera zinthu. Masamu a ku sekondale amayankha bwino mafunso a zinthu zimene zaima kapena zimene zikuyenda mosasintha. Calculus ndi masamu a zinthu zimene zikusintha nthawi ndi nthawi, ndipo phunziro la chaka choyamba lagona pa mafunso awiri.

Funso loyamba ndi ili: kodi chinthu chikusintha mofulumira bwanji pa nthawi ino yeniyeni? Mwala ukagwa kuchokera pamwamba pa thanthwe, mtunda umene wayenda umakhala pafupifupi mamita 5 kuchulukitsa ndi masekondi, kuchulukitsanso ndi masekondi omwewo. Pakatha sekondi imodzi wagwa mamita 5, pakatha masekondi 2 wagwa mamita 20, pakatha masekondi 3 wagwa mamita 45. Nanga liwiro lake n'lotani pa sekondi yachiwiri yeniyeniyo? Kuchokera pa sekondi 2 kufika pa 3 mwalawo wayenda mamita 25, koma umenewo ndi mlingo wa sekondi yonse, pakuti mwalawo unali kuonjeza liwiro m'njira monse. Munthu akafupikitsa nthawi, nayesa kuchokera pa 2 kufika pa 2.1, apeza liwiro la mamita 20.5 pa sekondi. Akafupikitsanso, kuchokera pa 2 kufika pa 2.01, apeza 20.05. Mayankhowo akulunjika pa 20, ndipo nthawi ikamafupika iwo amayandikira osaleka. Nambala imene mayankho akulunjikako imatchedwa limit, ndipo liwiro lopezeka mwa njira imeneyi limatchedwa derivative.

Funso lachiwiri ndi ili: kodi tizidutswa tating'onoting'ono tikaunjikana timakwana zingati? Madzi a mtsinje wa Shire odutsa pa Liwonde, pamene m'chaka cha 1965 panamangidwa chotchinga chowongolera madzi, sayenda mofanana tsiku lonse kapena mwezi wonse. Injiniya wofuna kudziwa madzi onse amene adutsa kulunjika ku makina a magetsi a ku Nkula, amene anayamba kugwira ntchito mu 1966, ayenera kudula nthawiyo m'zigawo zazing'ono, kupeza madzi a m'chigawo chilichonse, ndi kuonkhetsa zonse pamodzi. Akale anati pang'onopang'ono ndi mtolo. M'masamu mtolo umenewo umatchedwa integral. Chinsinsi chachikulu cha phunziroli n'chakuti ntchito ziwirizi ndi zobwezana, monga momwe kugawa kumabwezera zimene kuchulukitsa kwachita.

Ndi mafunso awiri omwewa amene amayankha za kulemera kumene mlatho ungasenze, za kufalikira kwa mliri, za kuchepa kwa mankhwala m'magazi a wodwala, ndiponso za kukula kwa ngongole imene chiwongoladzanja chake chikubereka chinzake. N'chifukwa chake phunziroli linaikidwa pakhomo pa maphunziro ambiri.

Kulimba kwake si kwachilendo

Mphunzitsi amene amadabwa kuti ana sakumva limit m'sabata ziwiri ayenera kukumbukira mbiri ya phunziroli. Isaac Newton wa ku England anapeza njira zake m'zaka za 1665 ndi 1666, pamene sukulu ya Cambridge inali itatsekedwa kaamba ka mliri. Gottfried Leibniz wa ku Germany anapeza zomwezo payekha, nazisindikiza mu 1684, ndipo zizindikiro zimene iye anapanga ndi zimene ophunzira amalemba kufikira lero. Njira zawo zinkapereka mayankho olondola, koma onse awiri sanathe kulongosola momveka chimene chimachitika nthawi ikafupika kufikira kutsala pang'ono kutha. Mu 1734 Bishopu George Berkeley wa ku Ireland analemba buku lowadzudzula, kunena kuti a masamu akugawa ndi kanthu kamene poyamba akuti kalipo, kenaka akuti palibe. Yankho lokhutiritsa linayamba kuoneka mu 1821 m'zolemba za Augustin-Louis Cauchy wa ku France, ndipo linakhwima ndi Karl Weierstrass ku Berlin patapitanso zaka makumi angapo.

Kotero chinthu chimene chinazunguza mitu ya akatswiri zaka zoposa 150, mwana wa chaka choyamba amafunsidwa kuti achimve m'masabata owerengeka. Ngati wazunguzika, sikuti ndi wopusa; waona vuto lenileni. Chofunika n'chakuti pa nthawi yozunguzikayo pakhale munthu pafupi.

Zimene zinapezeka ku Berkeley

Umboni womveka bwino wa nkhaniyi unachokera ku yunivesite ya California, mumzinda wa Berkeley ku America. M'zaka za m'ma 1970 zinaoneka kuti ophunzira akuda ambiri ankagwa calculus ya chaka choyamba, pamene anzawo ochokera m'mabanja a Chitchaina ankakhoza bwino. Aphunzitsi atafunsidwa chifukwa chake anatchula zifukwa zimene anthu amatchula kulikonse: kusowa khama, kuchokera ku sukulu zosauka, umphawi, ndi makolo osalimbikitsa ana. Bambo Uri Treisman, amene pa nthawiyo anali wothandizira kuphunzitsa masamu, sanakhutire ndi zongoganizira. M'zaka za 1975 ndi 1976 anatsatira ophunzira 20 akuda ndi 20 a Chitchaina, kuona ndi maso awo momwe anawo ankawerengera.

Zimene anapeza zinatsutsa zifukwa zija. Ophunzira akudawo anali akhama, ambiri anali otsogola m'sukulu zimene anachokera, ndipo makolo awo ankawalimbikitsa kwambiri. Kusiyana kunali kumodzi. Iwo ankawerenga payekhapayekha, atadzitsekera m'chipinda, pakuti kudzidalira koteroko ndiko kunawapambanitsa ku sekondale. Akalakwitsa, panalibe wowauza. Akakanika funso, ankataya maola ambiri kubwereza cholakwa chomwecho, ndipo ankachita manyazi kukapempha thandizo. Ophunzira a Chitchaina ankayamba ndi kuwerenga payekha, kenaka madzulo ankasonkhana, kudyera pamodzi, kuonetsana mayankho ndi kutsutsana. Mwana wa m'gulu lotere ankadziwa msanga ngati funso lamukanika iye yekha kapena lakanika onse, ndipo ankadziwa mlingo wa ntchito imene mphunzitsi akufuna.

Mu 1978 a Treisman anayambitsa magulu ophunzirira pamodzi, okumana kawiri pa sabata, maola awiri pa tsiku, motsogoleredwa ndi wophunzira wamkulu wa masamu. Nzeru yaikulu inali pa dzina ndi pa ntchito ya magulu amenewo. Sanawatche makalasi a ofooka, pakuti mwana amene anali woyamba kwawo sangalowe m'kalasi la dzina lotere. Anawakonza monga magulu a ofuna kupambana, ndipo mafunso a m'menemo anali olimba kuposa a m'kalasi wamba, kuti munthu mmodzi asathe kuwamaliza yekha. Zotsatira zake zinali zakuti ogwa anachepa kwambiri, ndipo ana omwe aja ankayesedwa osakonzeka anayamba kukhoza mofanana ndi anzawo, ena kuwaposa. Njirayi inafalikira ku mayunivesite ambiri a ku America, kuphatikizapo ya Texas ku Austin kumene a Treisman anakagwira ntchito pambuyo pake. Mutu umodzi susenza denga, ndipo zinaoneka kuti susenzanso calculus.

Umboni wa zaka zotsatira

Dandaulo la kugwa kwa ana linafika pokhudza dziko lonse la America. Mu 1986 aphunzitsi a masamu anasonkhana ku yunivesite ya Tulane kukambirana zochepetsa mitu yophunzitsidwa kuti yotsalayo imveke mwakuya. Mu 1987 kunachitika msonkhano wina waukulu ku Washington, ndipo mfundo imene inatuluka kumeneko inali yakuti phunziroli lizigwira ntchito ngati pampu yokweza madzi, osati ngati sefa yotsekereza.

Mu 2014 a Scott Freeman ndi anzawo anasonkhanitsa kafukufuku 225 wa maphunziro a sayansi, uinjiniya ndi masamu m'mayunivesite. Anapeza kuti m'makalasi amene mphunzitsi amangolankhula, ophunzira pafupifupi 34 mwa 100 aliwonse ankagwa, pamene m'makalasi amene ophunzira amagwira ntchito ndi kukambirana nthawi ya phunziro, ogwa anali pafupifupi 22. Kusiyana kwa ana 12 pa 100 aliwonse si kwamasewera. M'kalasi la ana 300, amenewo ndi anthu 36 amene akanapulumuka, popanda kuchepetsa kulimba kwa mayeso.

Nkhani ya asungwana nayo ndi yofunika kuimva. Kafukufuku wosindikizidwa mu 2016 ndi a Jessica Ellis ndi anzawo anaonetsa kuti atamaliza calculus yoyamba, asungwana ankasiya njira ya sayansi mochuluka kuposa anyamata kamodzi ndi theka, ngakhale kukonzekera kwawo kunali kofanana. Chifukwa chachikulu sichinali kulephera, koma kudzikayikira: ambiri ankakhulupirira kuti sanamvetse mokwanira. Munthu wowerenga yekha sadziwa kuti mnzake wa pambali nayenso akuvutika, ndipo amadziweruza kuti iye ndiye wosayenera.

Phunziro kwa Malawi

Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa mu 1964, ndipo inayamba kuphunzitsa mu September 1965 ku Chichiri mumzinda wa Blantyre ndi ophunzira 90 okha, isanasamutsire Chancellor College ku Zomba mu 1973. M'masiku amenewo mphunzitsi ankatha kudziwa mwana aliyense ndi dzina. Kuchokera nthawi imeneyo Boma lachita zazikulu zotsegula makomo. Sukulu ya pulaimale inakhala yaulere mu 1994. Yunivesite ya Mzuzu inalandira ophunzira ake oyamba mu 1999. Yunivesite ya sayansi ndi luso ya MUST inatsegulidwa ku Thyolo mu 2014. Ndipo mu 2021 Polytechnic ya ku Blantyre inakhala yunivesite yoima payokha yotchedwa MUBAS. M'chaka chomwecho masomphenya a Malawi 2063 anakhazikitsidwa, ndipo imodzi mwa nsanamira zake ndi kutukula mafakitale. Ntchito zonsezi ndi zoyamikirika. Koma nyumba zikamangidwa ndipo ana akachuluka, ulusi umene unkalumikiza mphunzitsi ndi mwana umaduka msanga, ndipo malo oyamba amene umadukira ndi kalasi lalikulu la masamu a chaka choyamba. Mafakitale sadzayenda ndi mainjiniya amene anatsala pakhomo.

Mwana wa ku Malawi amene wafika ku yunivesite amafanana m'njira zambiri ndi ana aja a ku Berkeley. Kawirikawiri ndiye anali woyamba m'kalasi lake, ndiye chiyembekezo cha mudzi wonse, ndipo anazolowera kuyankha, osati kufunsa. Ena anachokera ku sukulu zimene zimaphunzitsa Additional Mathematics, ndipo anaonako kale zoyamba za calculus. Ambiri, makamaka a ku sukulu zoyendera za m'midzi, akumva dzinali koyamba. Onsewa amakhala pa benchi imodzi, namva phunziro limodzi m'Chingerezi, pa liwiro limodzi. Amene sanaonepo amayang'ana mnzake akugwedeza mutu, nayesa kuti iye yekha ndiye mbuli, pamene kusiyana kwawo ndi kwa mwayi chabe.

Udindo wa aliyense

Udindo woyamba uli pa aphunzitsi a ku sekondale. Aphunzitsi a calculus kulikonse amavomerezana kuti ana ambiri amamva ganizo latsopanolo, koma amapunthwa pa algebra yakale. Mwana amene amayesa kuti kuonkhetsa 3 ndi 4 n'kuchulukitsa yankho ndi lokha n'chimodzimodzi ndi kuonkhetsa 9 ndi 16, osaona kuti kwina kukutuluka 49 ndipo kwina 25, adzalakwa funso lililonse la derivative ngakhale lamulo lake ataliloweza bwino. Mphatso yaikulu imene mphunzitsi wa Fomu 3 ndi Fomu 4 angapereke si kuthamangira mitu ya ku yunivesite, koma kulimbitsa algebra, trigonometry ndi kuwerenga magirafu, kufikira mwana atamadziwa chifukwa chimene lamulo lililonse limagwirira ntchito. Kuloweza kumapambanitsa mayeso a chaka chimodzi. Kumvetsa kumasenza munthu zaka zinayi.

Udindo wachiwiri uli pa akuluakulu a mayunivesite. M'maiko ambiri muli chizolowezi chopereka kalasi la chaka choyamba kwa mphunzitsi wongoyamba kumene, pamene akatswiri odziwa asungidwira ana ochepa a chaka chomaliza. Kumeneko n'kuika mmisiri wabwino pa denga, maziko n'kusiyira wophunzira ntchito. Kalasi la chaka choyamba liyenera kulandira mphunzitsi wodziwa koposa. Payenera kukhalanso kayeso kakang'ono m'sabata yoyamba, kosachotsa munthu sukulu, kongoonetsa pamene pali mipata kuti itsekedwe msanga. Koposa zonse, payenera kukhala magulu aang'ono a sabata ndi sabata, olembedwa pa ndandanda ya maphunziro monga phunziro lina lililonse, a ana onse osati ofooka okha, okhala ndi mafunso olimba ndithu.

Ena adzati ndalama za zimenezi palibe. Dandaulo limeneli ndi loona, ndipo siliyenera kunyozedwa. Koma magulu otere safuna nyumba zatsopano kapena makina okwera mtengo. Amafuna chipinda, bolodi, choko ndi wotsogolera. Ophunzira a chaka chachitatu ndi chachinayi, makamaka amene akukonzekera uphunzitsi, angathe kutsogolera magulu atalandira malangizo ndi kangachepe, ndipo iwo eni adzatuluka ali aphunzitsi okhwima. Mtengo wa zimenezi uyerekezedwe ndi mtengo wa mwana mmodzi wobwereza chaka, kapena wa ngongole ya maphunziro imene yaperekedwa kwa munthu amene sadzamaliza. Enanso adzati kumeneku n'kufewetsa maphunziro. Yankho lake lili ku Berkeley komwe kuja, kumene mafunso anaonjezedwa kulimba ndipo ana anakhoza koposa. Mlatho suyang'ana chifundo cha wopereka mayeso. Injiniya ayenera kudziwa masamu ake ndithu. Chimene chikufunika kusintha si mlingo, koma njira yofikira pa mlingowo.

Udindo wachitatu uli pa ogwira ntchito m'Boma amene amakonza ndondomeko ndi kugawa chuma cha maphunziro. Nambala ya ana olandiridwa ku yunivesite imalengezedwa chaka chilichonse, ndipo anthu amakondwera nayo. Nambala ina imene iyenera kufunsidwa ndi mtima womwewo ndi ya ana amene apambana masamu a chaka choyamba, anyamata angati, asungwana angati, ochokera ku sukulu za mtundu wanji. Ofesi imene ili ndi nambala imeneyi idzadziwa kumene kuyenera kutumizidwa aphunzitsi a masamu, ndiponso kumene ndalama yochepa ingapulumutse ana ambiri.

Udindo wotsiriza uli pa wophunzira mwini wake. Calculus siphunziridwa ndi maso, monga momwe munthu saphunzira kupalasa bwato ali chiimire pa gombe. Phunziro la sabata ino limakhazikika pa la sabata yatha, kotero amene watsalira masabata atatu ali ndi ngongole yovuta kubweza usiku wa mayeso. Ayambe wayesa yekha funso lililonse, pensulo ili m'manja. Kenaka apite nalo kwa anzake, alongosole njira yake mokweza, m'Chichewa kapena m'Chingerezi, pakuti pamene munthu akulongosolera mnzake m'pamene amaona dzenje limene lili m'maganizo ake. Makina a masiku ano amatha kupereka yankho m'kuphethira kwa diso, koma yankho lokopera silimanga nzeru, ndipo amene sadziwa njira sangazindikire pamene makinawo alakwa. Asachite manyazi kugogoda pa ofesi ya mphunzitsi. Safunsa anadya phula.

Dziko limene lili ndi misewu yofunika kumanga, madambo ofunika kuthirira ndi magetsi ofunika kuonjeza silingakwanitse kutaya ana amene linawasankha kale kuti ndi anzeru. Boma latsegula makomo. Chotsala n'chakuti amene alowa apezemo wowalandira. Mphunzitsi wa ku sekondale alimbitse maziko, yunivesite iike akatswiri ake pa chaka choyamba, ofesi ya maphunziro iwerenge opambana monga imawerengera olowa, ndipo mwana akhale pansi ndi anzake, agwire pensulo.